Osasewera Malo Ano

Lachinayi pa 6 Febuluwale, cha m'ma 9 koloko m'mawa, mtsinje unasefukira n'kulowa m'dera la kumunsi kwa msika. Unagwetsa nyumba 214, mlatho, khoma la chipatala ndi bwalo losewererapo ana lomwe linali kuseri kwa sukulu. Pabwalopo panali akatungwe atatu, chotsetserekapo chimodzi ndi matayala akale okwiriridwa theka m'nthaka. Pofika madzulo panatsala mtanda wachitsulo wokha, uja ankapachikapo akatungwe, ndipo nawonso unagwa Loweruka.

Pamtanda umenewo ndi pomwe bambo wina wosoka nsapato, wa zaka 61, anakhala maola asanu atakumbatira mdzukulu wake wamkazi. Anali atapita kukamutenga kusukulu ataona madzi akukwera, ndipo madziwo anawapeza ali pakati pa bwalo. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kunyumba ankamutchula kuti Kachiwala, chifukwa sankadziwa kuyenda osadumpha. Pofuna kuti asamayang'ane pansi, pomwe pankadutsa zitseko, mbuzi ndi mabenchi a sukulu, agogo akewo anamuuza kuti:

"Madziwa akapita, ndidzakukankha pa katungwe mpaka uone madenga a nyumba zonse."

"Mukunena zoona?"

"Ndalonjeza."

Bwato linawatenga 2 koloko itangodutsa. Madzi anaphwa patatha masiku anayi, ndipo anapita ndi nyundo, masingano, zikopa ndi kabenchi komwe mkuluyo ankasokerapo nsapato pamsika. Kachiwala anatsika pamtanda paja wopanda bala, koma kuyambira tsiku limenelo sanadumphenso, ndipo palibe anamumva akuseka. Namwino anamuyeza kawiri osapeza matenda. Anangoti mwanayu azisewera ndi anzake. Sananene kuti azisewera pati.

Mu Epulo kunabwera anthu a bungwe lina lothandiza ana. Anasonkhanitsa makolo m'kalasi lomwe linali litauma, n'kuwafunsa chomwe akusowa kwambiri. Anthu anati mlatho. Alendowo analemba mlatho, kenako anafotokoza mwaulemu kuti milatho ndi ya bungwe lina. Iwo anabwerera ana. Anafunsanso kachiwiri, ndipo anthu, poti si opusa, anati chomwe akusowa kwambiri ndi bwalo losewererapo ana.

Kunena chilungamo, ntchito anaigwira bwino. Pofika pa 14 Juni panali akatungwe anayi a unyolo wonyezimira, zotsetserekapo ziwiri, mchenga wosefa, mpanda wa waya, geti ndi loko wamkulu ngati chibakera. Khonsolo inafuna mlonda. Wosoka nsapato uja anapita, ndipo anamulemba ntchito chifukwa malowo ankawadziwa kuposa wina aliyense, makamaka kuchokera pamwamba. Anamupatsa malaya a khaki, wenzulo, kiyi, buku lolembamo zochitika ndi pepala la ntchito zake, zomwe zinali zitatu. Yoyamba: kulondera malo. Yachiwiri: kuonetsetsa kuti zolembedwa pachikwangwani zikutsatidwa. Yachitatu: kuonetsetsa kuti kamodzi pa mwezi zipangizo zayesedwa ndi anthu oyenera, n'kulemba m'buku ngati n'zolimba.

Chikwangwanicho chinali chisanalembedwe. Ntchito yochilemba inagwera mlamu wake wa mlondayo, mchimwene wa malemu mkazi wake, munthu amene analemba zikwangwani za theka la masitolo a pamsika ndipo ankadzitama kuti chiyambire ntchito sanagwirepo rula kapena pensulo. Kalaliki wa kukhonsolo anamupatsa kapepala ka mizere itatu:

OSASEWERETSA MALO ANO
ANA A ZAKA ZOSAPITIRIRA 8
LAMULO LA KHONSOLO

Anachilemba Lachiwiri pa 17 Juni, mlonda atamugwirira thabwa. Mbali ya kumanja inali itadzaza kale ndi zizindikiro za bungwe lija ndi za anzake atatu omwe analithandiza, koma mlembiyo anayamba ndi zilembo zazikulu ngati mitu ya ana.

"Alamu, thabwa likutha," anatero mlonda, mnzakeyo atafika pa W.

"Thabwa silikutha. Mawuwa ndiwo atalika. Gwirani bwino, mukunjenjemera ngati mwaba nkhuku."

Atalemba R panatsala malo a chilembo chimodzi. Mlembiyo anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, anapendeketsa mutu, kenako anaikapo A.

"Mwasiya zitatu," anatero mlonda. "E, T ndi S."

"Kusewera, kuseweretsa, ana a mimba imodzi amenewo."

"A mimba imodzi, koma winayo ndi wakuba. Kuseweretsa ndi kuwononga. Kusewera ndi chomwe amangira malo ano."

"Inu mwasoka nsapato zaka makumi atatu, lero mwasanduka mphunzitsi wa chinenero? Utoto uume kaye. Mawa ndipaka woyera, ndiyambirenso ndi zilembo zazing'ono."

Mawa lake, mlembi asanadzuke, antchito a khonsolo anakhomera chikwangwanicho pageti, anachiphimba ndi nsalu yobiriwira n'kumanga ndi chingwe. Lamulo linali lakuti nsaluyo isakhudzidwe mpaka mlendo wolemekezeka adzaichotse yekha. Mlonda anauza kalaliki kuti pansi pa nsalu pali vuto. Kalaliki anati mavuto onse adzaonedwa mwambo ukatha.

Mwambo wotsegulira unayenera kuchitika pa 27 Juni. Unasunthidwira pa 4 Julayi chifukwa mlendo anali ndi msonkhano, kenako pa 18 Julayi chifukwa msonkhanowo unabala unzake. Pa 18 Julayi ana anaimikidwa pamzere kuyambira 8 koloko. Mlendo anafika 11 koloko. Analankhula anthu asanu ndi awiri, ndipo aliyense anati kusewera kumachiritsa mtima wa mwana amene waona zoopsa. Mawuwa akunenedwa kachisanu, ana awiri anakomoka pamzere.

Kenako mlendo anakoka chingwe, nsalu inagwa, ndipo poti anali munthu wozolowera kuwerenga chilichonse chomwe chaikidwa pamaso pake, anawerenga pa chimkuzamawu:

"Osasewera malo ano."

Mlonda anayang'ana mlamu wake, mlamu wake anayang'ana nsapato zake. Mayi wa kubungwe, amene chinenerocho ankachimva theka, anali atayamba kale kuomba m'manja.

Mlendoyo sanali munthu wodzidzimuka pagulu. Anatsokomola pang'ono, n'kunena kuti: "Ndasangalala kuona kuti anthu a kuno mumadziwa kusamala katundu. Kwina timapereka zinthu, sabata imodzi zathyoka. Ndikufuna ndikadzabweranso ndidzapeze malo ano ali monga ndawaonera lero."

Anthu anaomba m'manja, wapampando wa komiti ya chitukuko kuposa onse.

Wojambula zithunzi anayamba kusankha ana. Atafika pa Kachiwala anamuuza kuti amwetulire. Mwanayo anangomuyang'ana.

"Uyu ayi," anatero wojambulayo. "Nkhope yake ikuoneka ngati madzi sanaphwe."

Ana khumi ndi awiri omwe anasankhidwa anakhala pa akatungwe mphindi khumi ndi imodzi. Mlonda analemba nthawiyo m'buku. Galimoto ya mlendo itakhota pamsika, kalaliki anawatulutsa.

"Madala, kiyani."

"Koma akalaliki, mukudziwa nokha kuti pasowa zilembo zitatu."

"Ine ndikudziwa zomwe bwana awerenga. Inunso mwamva. Ntchito yanu yachiwiri ikuti chiyani?"

Mlonda anakiya.

Lolemba pa 21 Julayi anapita kukhonsolo. Mu ofesi ya kalaliki munali mukadali mzere wa matope pakhoma, pamwamba pang'ono pa chiuno, ndipo mafayilo omwe ananyowa anali atatupa mpaka osatsekeka. Kalalikiyo anali munthu waudongo, wa mabolopeni atatu m'thumba la malaya. Anatulutsa kope la kapepala kaja n'kuloza ndi chala.

"Werengani. O-sa-se-we-re-tsa. Kuno sitinalakwitse."

"Ndiye tangondipatsani chilolezo, alamu anga akawonjezere."

"Chikwangwanicho chinatsegulidwa ndi mlendo wolemekezeka. Chinthu chotsegulidwa sichikonzedwa ndi kalaliki. Mukufuna anthu azinena kuti bwana anawerenga molakwika pa chimkuzamawu?"

"Anawerenga bwino zinthu zolakwika."

Kalaliki anawaganizira mawuwa kwa kanthawi, ndipo sanawakonde.

"Lembani kalata ku komiti. Makope awiri. Musalembemo zomwe mwanenazo."

Komiti inakumana Lachiwiri pa 12 Ogasiti, kuseri kwa sitolo ya wapampando yogulitsa zomangira nyumba, anthu atakhala pa matumba a simenti. Mlonda analoledwa kuima pakhomo. Nkhani yake inali yachisanu ndi chimodzi, pambuyo pa ya mtundu wa malaya omwe mamembala azivala pa miyambo. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anati nkhaniyi ndi ya mphindi ziwiri: zilembo zibwerere pamalo pake. Wapampando anamuthokoza chifukwa cha maganizo ake, kenako anamufunsa ngati analipo pamene mlendo ananena kuti akufuna adzapeze malowo ali monga anawaonera.

"Ndinalipo, apampando."

"Ndiye tiuzeni. Chikwangwani ndi malo, kapena si malo?"

Anakambirana zimenezo ola lathunthu. Mayi wina anapereka ganizo lakuti ana aziloledwa kulowa, bola asasewere. Bambo wina anafunsa ngati chikwangwanicho chikuletsa ana aang'ono okha, moti akuluakulu akhoza kukwera katungwe. Anati akungofunsira anzake. Wapampando anagamula kuti mzere uliwonse ndi lamulo palokha: woyamba ukuletsa aliyense kusewera, wachiwiri ukuletsa wopitirira zaka zisanu ndi zitatu kulowa, ngakhale tsiku lomwe woyambawo udzakonzedwe. Pomaliza anagwirizana kuti popeza pachikwangwanicho pali chizindikiro cha bungwe, afunse bungwe.

Yankho la bungwe linafika pa 27 Ogasiti. Linali kalata yaulemu kwambiri. Inati ntchitoyo inatsekedwa pa 31 Julayi itayenda bwino, ndipo zonse tsopano zili m'manja mwa khonsolo. Anatumizanso lipoti la mapepala osalala, lonena kuti ana 640 amasewera pabwalopo sabata iliyonse. Pachikuto panali ana khumi ndi awiri aja, mano onse panja.

"Ndiye zili m'manja mwanu," anatero mlonda.

"Kalata yoperekera katundu sinafike," anatero kalaliki. "Popanda imeneyo, katunduyo akadali wa bungwe."

"Bungwe lati ndi wanu."

"Bungwe latseka."

"Ndiye chikwangwanicho n'cha yani?"

"Pakadali pano chilibe mwini."

"Nanga lamulo lomwe lili pamenepo?"

"Lamulo ndi lathu."

Masiku onsewa, sukulu ikaweruka, ana ankabwera kudzaima pampanda, zala zili m'waya. A kalasi yoyamba anaphunzirira kuwerenga pachikwangwanicho, ndipo mphunzitsi wawo anayamikira kukula kwa zilembo. Mumchenga munkamera udzu, mlonda ankazula. Ankapukuta zotsetserekapo, ankathira mafuta pa unyolo, ndipo kumapeto kwa mwezi ankagwedeza mizati ndi manja ake n'kulemba m'buku kuti zalimba. Kachiwala ankaima pakona, pafupi ndi katungwe wachiwiri. Sankapempha. Mlonda ankaona kuti zikanapepukako akanati azipempha.

Chigwetsereni madzi nyumba yawo, ankakhala atatu m'chipinda chimodzi: iye, mwana wake wamkazi, amene anali telala, ndi Kachiwala. Makina osokera anali pawindo, bedi kuseri kwa katani, ndipo zina zonse zinali pamisomali. Lachitatu pa 10 Seputembala, mlonda ataweruka, mwana wakeyo anayankhula osachotsa maso pa singano.

"Bambo, pa 20 mwezi uno Kachiwala akukwanitsa zaka zisanu ndi zinayi."

"Kuwerenga masiku ndimadziwa."

"Kiyi ali m'thumba mwanu."

"Ntchito ilinso m'thumba lomwelo. Ndikatulutsa chimodzi, chinacho chigwa."

"Ndiye musamalonjeze ana zinthu muli pamwamba pa chitsulo."

Kachiwala anali pansi, akusanja mabatani a mayi ake m'chivundikiro cha chitini, akuda paokha, oyera paokha. Onse awiri ankayesa kuti sakumva.

"Agogo, musavutike," anatero mwanayo. "Madenga ambiri anapita kale."

Makina anaima. Patapita kanthawi anayambanso.

Tsiku lotsatira mlonda anapita kwa mlamu wake. Anamupeza pakhonde akulemba chikwangwani cha malo ometera, ndipo nachonso chinkaoneka kuti chimuthera.

"Alamu, mphindi zingati kuti mubwezeretse zilembo zija?"

"Zisanu. Zinayi mutandigwirira osanjenjemera."

"Tiyeni."

"Bweretsani kalata ya chidindo. Kalaliki anabwera pano ndi mapazi ake. Akuti ndikangochikhudza chikwangwanicho, ndidzayankha mlandu wowononga katundu."

"Woseweretsa katundu."

"Eya, woseweretsa. Mwaona, mawuwo ndimawadziwa."

"Mumawadziwa, thabwa ndi lomwe silikudziwani."

"Mchemwali wanga anakwatiwa ndi munthu wa mwano, ndinkanena ine," anatero mlembiyo, koma sanadzutse mutu.

Lachisanu pa 19 Seputembala, masana, mlonda anakhala pampando wake pageti n'kutulutsa pepala la ntchito, lomwe linali litayamba kung'ambika m'mopinda. Anawerenga ntchito yachitatu kawiri. Kenako anayang'ana mzere wachiwiri wa chikwangwani. Zipangizo ziyesedwe ndi anthu oyenera. Ana a zaka zosapitirira 8. Iye anali ndi zaka 61, ndipo miyezi itatu yonseyi anakhala akuyesa yekha zinthu zomwe lamulo silimulola n'kukhalapo komwe. Anaona kuti wakhala akuphwanya lamulo, ndipo anatsimikiza zosiya tsiku lomwelo.

Nthawi ya 3 koloko analiza wenzulo, koyamba chilandirireni. Pampanda panali ana 37.

"Tamverani. Pano sasewera, mwawerenga nokha. Koma khonsolo ikufuna anthu oyesa zipangizo. Wopitirira zaka zisanu ndi zitatu abwerere m'mbuyo."

Palibe anabwerera. Mtsikana wina wamtali ngati mzati anapinda mawondo. Mlonda anamuyang'ana mpaka anawongoka n'kubwerera, ena asanu ndi awiri n'kumutsatira. Anatsala 29.

"Iyi ndi ntchito. Pantchito saseka, sakuwa, sathamanga. Ukatsika ubwere kuno udzanene: chalimba, kapena sichinalimbe. Tamvana?"

"Tamvana, agogo."

Anatsegula geti 3 koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Ana analowa ngati anthu olowa m'khoti. Anakwera makwerero mmodzimmodzi, anatsetsereka milomo ili yotseka, manja ali m'mbali, n'kubwera kudzaima pamaso pa buku.

"Chalimba," anatero woyamba. "Koma ndibwerezenso kuti nditsimikize."

"Katungwe wachitatu ndikumukayikira," anatero wina wopanda mano akutsogolo. "Akufunika anthu ambiri."

Mlonda analemba zonse. Kunja kwa mpanda kunayamba kusonkhana amayi ochokera kumsika, madengu ali pamutu. Pakati pawo anaona mwana wake, tepi yoyezera ili m'khosi.

Kachiwala anali asanalowe. Anali pakona pake paja.

"Iwe," anatero mlonda, "katungwe wachiwiri alibe woyesa."

Mwanayo analowa akuyenda ngati munthu wamkulu. Anakhala pa katungwe, n'kugwira unyolo mbali zonse ziwiri. Mlonda anakazindikira kagwiridwe kameneko. Ndi momwe anagwirira malaya ake maola asanu aja. Anamukankha pang'ono ndi nsonga za zala.

"Waona chiyani?"

"Mpanda."

Anakankha ndi zikhatho.

"Denga la chipatala."

"Lokha?"

"Ndi la sukulu."

Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, n'kukankha ndi mapewa omwe.

"Latsopano la amayi ogulitsa makala. Lina la malata ofiira. Lina silinathe, pali anthu pamwamba."

Nthawi ya 4 koloko ndi mphindi makumi awiri, kalaliki anatulukira pakona ya sukulu akukankha njinga, fayilo ili pakaliyala. Anaima. Anayang'ana geti, anayang'ana chikwangwani ngati akufuna kutsimikiza kuti sichinasinthe, kenako anatsamiritsa njinga pampanda n'kulowa.

"Madala, n'chiyani ichi?"

"Ntchito yachitatu, akalaliki," anatero mlonda, osasiya kukankha. "Pepala lili pabukupo."

Kalaliki anatenga pepalalo n'kuwerenga. Anali atalilemba yekha, ndipo sanapezemo cholakwika. Anagwira paphewa mwana wina amene ankachokera kotsetsereka.

"Iwe, mukutani muno?"

"Tikuyesa, bwana."

"Simukusewera?"

"Ayi, bwana. Pano sasewera."

Anafunsa wachiwiri, anafunsa wachitatu. Onse anayankha chimodzimodzi, nkhope zili gwaa. Anatsegula buku n'kupeza maina a zipangizo, nthawi ndi zotsatira, zonse m'mizere yowongoka. Panali china chake pankhope pake chofanana ndi kukhutira. Anali atayamba kubweza bolopeni m'thumba.

Pamenepo Kachiwala anaseka.

Sikunali kuseka kwakukulu. Kunatuluka katungwe ali pamwamba penipeni, ngati kwamupulumuka, kenako kunabweranso ulendo wachiwiri, kotalikirapo. Kunja kwa mpanda telala uja anagwira pakamwa ndi tepi yomwe. Ana onse anaima pomwe anali.

Kalaliki anayang'ana wotchi yake n'kulemba: 4:26.

"Ameneyo waseka."

"Mwina ndi unyolo, akalaliki. Mafuta anachepa."

"Unyolo sunena kuti 'kankhaninso, agogo.'"

Mlonda anamvetsera. Zinali zoona, mwanayo ankanena zimenezo.

"Woyesa sanamalize," anatero, n'kukankhanso.

Anakiya 5 koloko, monga mwa nthawi zonse. M'buku analemba kuti zipangizo zonse zalimba, ndi kuti pa katungwe wachiwiri pamaoneka madenga khumi ndi anayi.

Loweruka pa 20 Seputembala Kachiwala anakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi. Mayi ake atamutuma kukagula ulusi, anadumpha ngalande ya pakhomo m'malo modzera pathabwa.

Lolemba pa 22 Seputembala mlonda analandira kalata ya chidindo, yoyamba pa nkhani yonseyi. Inati waimitsidwa ntchito mpaka komiti idzagamule ngati kuseka ndi umboni wa kusewera. Anavula malaya a khaki, anawapinda, anaikapo wenzulo ndi kiyi, n'kusiya patebulo la kalaliki. Kalaliki anatenga malaya ndi wenzulo. Kiyi anamukankhira m'mbuyo ndi bolopeni.

"Malaya ndi athu. Kiyi anabwera ndi loko, loko anabwera ndi bungwe. Sindingalandire katundu amene sanaperekedwe."

"Ndikapereke kwa apampando?"

"Yesani."

Wapampando anaika manja kumbuyo, n'kunena kuti komiti simasunga zitsulo. Mlonda anapita komwe kunali ofesi ya bungwe, n'kupeza mukugulitsidwa matilesi.

Komiti inayenera kukumana Lachisanu pa 3 Okutobala. Anafika anthu atatu mwa asanu ndi anayi, ndipo tsiku lina silinaikidwe. Chikwangwani chikadali monga mlendo anachionera. Mlonda wina sanalembedwe, chifukwa woyambayo sanachotsedwe. Sukulu ikaweruka ana amaima pampanda, ndipo wopanda mano uja amauza aliyense wodutsa kuti katungwe wachitatu akumukayikirabe.

Kiyi ali pamsomali, kuseri kwa makina osokera. Pepala la ntchito limati zipangizo ziziyesedwa kamodzi pa mwezi. Lero ndi pa 28 Okutobala, ndipo za mwezi uno sizinayesedwe.